Mwana Wanga, Usanagule Magalasi Oonera Mbalame

Mwana wanga, ndamva kuti legeni ija waitaya, ndipo tsopano ukufuna magalasi oonera patali, aja a maso awiri, kuti uzionera mbalame. Mtima wanga wakondwa. Anzako a pamsika pa Mitundu akuseka, ati wayamba masewera a azungu. Asiye aseke. Koma ndalama wasungayo ndi ya thukuta la m'munda wa mtedza, ndiye khala pansi undimvere usanaitumize kwa munthu amene nkhope yake sunaionepo.

Choyamba, dziwa chimene ukugulira. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo zina mwa zosowa kwambiri zili pakhomo pako pomwepa, m'nkhalango ya Dzalanyama. Muli gogomole wina amene m'mabuku amamutcha Stierling's woodpecker, wopezeka m'Malawi muno, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Alendo amakwera ndege kuchokera kutali kudzamufunafuna, ndipo amalipira wowaperekeza wodziwa njira ndi kulira kwa mbalame. Ngati ukulota ntchito imeneyo, magalasiwa ndi khasu lako. Khasu logula mwachangu limathyoka mzere usanathe.

Chachiwiri, phunzira kuwerenga manambala olembedwa pa magalasiwo, kuti wogulitsa asakupusitse. Ukaona 8x42, nambala yoyambayo ikutanthauza kuti mbalame idzaoneka ngati yayandikira kasanu ndi katatu. Yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo ndi limene limalowetsa kuwala. Odziwa mbalame ambiri amasankha 8x42 kapena 10x42. Iwe ndikukulangiza 8x42, ndipo chifukwa chake ndi ichi. M'nkhalango ya mombo ndi misuku ukhoza kuyenda ola lathunthu kuli zii, kenaka mwadzidzidzi n'kukumana ndi chigulu cha mbalame zamitundumitundu zikuyendera limodzi m'nthambi. Zimadutsa msanga. Magalasi okulitsa kwambiri amaonetsa kadera kakang'ono, amanjenjemera ndi dzanja lako, ndipo pamene ukuzifunafuna zimakhala zapita kale.

Tsono ukaona pa foni wina akutsatsa magalasi olembedwa 60x60 kapena manambala ena odzitama, pamtengo wa thumba limodzi la chimanga, gwira thumba lako. Munthu sangagwire m'manja magalasi okulitsa maulendo 60 n'kuona chinthu chokhazikika. Nthawi zambiri manambala otere amangolembedwa kuti akope maso. Usakopekenso ndi aja a galasi lofiira lonyezimira: amasintha mtundu wa nthenga, pamene mtundu wa nthenga ndi umene ukufuna kuona. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chachitatu, za ogulitsa a pa intaneti. Sindikunena kuti onse ndi akuba. Alipo ogulitsa katundu weniweni pamtengo wotsika chifukwa salipira lendi ya sitolo. Vuto ndi loti iwe sungawasiyanitse uli pa Mitundu ndi chithunzi chokha m'manja. Wina adzati tumiza kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ukatumiza nambala yake imaleka kupezeka. Wina adzatumizadi katundu, koma maso awiri a magalasiwo osalunjika pamodzi: chinthu chimodzi chizioneka ngati ziwiri, ndipo pakangotha kanthawi mutu uyamba kuwawa. Cholakwika chimenechi sichioneka pa chithunzi, ndipo wokonza mawailesi pamsika sangachikonze. Ukadzafuna kubweza, udzabwezera kwa yani?

Ndipo mtengo umene ukuona pa foni si mtengo wonse. Ngati katundu akuchokera kunja, uwerengere zotumizira, msonkho wa MRA, ndi mtengo wa dola. Kumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chooneka chotchipa m'mawa chikhoza kukufika chodula, patapita miyezi, chitasweka m'njira. Kenaka dzinja lidzabwera. Magalasi osatsekedwa bwino amalowa chinyezi, nkhungu imamera mkati, ndipo chaka chamawa ugulenso ena. Wagula kawiri.

Chachinayi, apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu. Kuli mabungwe osamalira zachilengedwe amene amagulitsa zipangizo zotere. Ku Britain kuli la RSPB, limene linayamba mu 1889. Limagulitsa magalasi m'masitolo ake, munthu amawayesa kaye ali pamalo oonera mbalame, ndipo phindu limabwerera ku ntchito yoteteza mbalamezo. Bungwe lomweli lakhala likusonkhanitsanso magalasi ogwiritsidwapo kale ntchito n'kuwatumiza kwa osamalira zachilengedwe m'maiko ena. Kuno kwathu kuli WESM, Wildlife and Environmental Society of Malawi, imene inayamba mu 1947. Ili m'banja limodzi ndi RSPB, la BirdLife International, ndipo ili ndi nthambi ku Lilongwe komanso makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Pita kumeneko usanagule chilichonse. Ukawafunse magalasi amene iwo amagwiritsa ntchito, upemphe kuyang'aniramo, ufunse kumene ungapeze abwino ndiponso ngati pali njira yopezera ogwiritsidwapo kale. Safunsa anadya phula.

Ndikuuze zoona: katundu wa mabungwe otere kawirikawiri satsika mtengo ngati wa pa intaneti. Koma ndalama yoonjezerayo ukugulira zinthu ziwiri. Ukugulira malangizo a munthu amene amadzukira mbalame m'bandakucha, osati wongofuna kuti katundu atuluke. Ukuguliranso mawa a nkhalango. Iwe wakhala ukuziona njinga zosenza matumba a makala zikudutsa pa Mitundu kulowera mumzinda. Dzalanyama anaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndi ya mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Mitengo inadulidwa mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Sindikunyoza wootcha makala, njala ndi imene imamutuma. Koma mitengo ikatha gogomole uja adzatha, alendo adzaleka kubwera, ndipo magalasi ako azidzaonetsa zitsa zokhazokha. Ndalama yako ikalowa m'manja mwa oteteza mitengo, wadziteteza wekha.

Chachisanu, dzina la bungwe lisakutseke m'maso. Alipo anthu amene amabwereka maina a mabungwe kuti abere anzawo. Ukagula, gula pa ofesi kapena pa sitolo yodziwika, utenge lisiti, ndipo akuuze momveka ngati adzakukonzera kapena kukusinthira akaonongeka. Ayese wekha panja. Yang'ana waya wa magetsi kapena denga la nyumba: likhale limodzi, losapindika. Werenga chikwangwani chakutali. Zungulitsa kagudumu kapakati, kayende mofewa. Yang'ana mumthunzi wa mtengo, chifukwa mbalame sizikhala poyera. Ngati uli ndi mbale ku Joni amene akufuna kukugulira, umuuze manambala aja, alowe m'sitolo n'kuyesa ndi maso ake asanawakweze basi.

Ndalama ikapanda kukwana, usathamangire zotchipa chifukwa cha manyazi. Dikira kukolola kwina. Magalasi akale a kampani yodalirika amaposa atsopano achinyengo. Podikirapo, phunzira ndi makutu. Khala ndi agogo ako akuuze kulira kwa pumbwa, nthengu, timba ndi lumbe, akuonetse chisa cha nantchengwa. Maina athu uwadziwe limodzi ndi a m'mabuku. Yendayenda m'madambo a Nathenje, m'munsi mwa phiri la Bunda, m'mbali mwa Diamphwe, ndipo ukapita mumzinda ulowe ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlendo amalemekeza wowaperekeza amene amaitchula mbalame asanaione.

Ukawapeza, uwasamale. Usawapukute ndi malaya a fumbi, galasi limakalika. Usawasiye padzuwa kapena m'thumba lonyowa. Usayerekeze kuyang'anira dzuwa, ngakhale mphindi imodzi, ungachite khungu. Uwachenjezenso ang'ono ako, chifukwa chimenecho ndicho choyamba chimene adzafune kuyesa.

Chotsiriza ndi cholemera kuposa zonse, ndipo wogulitsa aliyense sadzakuuza. Kuno kwathu mitengo ikuluikulu yatsalira kumanda, ndipo mbalame zathawira komweko. Mtima udzakukoka. Usalowe, ndipo usalozetse magalasi ako kumanda kapena kudambwe popanda chilolezo cha amfumu. Suli mlendo iwe, ukudziwa mwambo wa Achewa ndi chimene chimamugwera wosuzumira zosamukhudza. Chimodzimodzi kumtsinje kumene amayi amasamba, ndi pakhomo pa munthu. Ukadzakhala ndi alendo, ndiwe udzawaletse, pakuti iwo sadziwa, ndipo mlandu wake udzafika pakhomo pa makolo ako. Ukafika m'mudzi wa eni, yamba wapereka moni kwa amfumu, unene chimene wadzera, uwapatse magalasiwo ayang'aniremo nawonso.

Ndiye sabata ino usatumize ndalama kwa aliyense, mwana wanga. Kwera minibasi upite ku Lilongwe, ukawapeze a WESM, ukayese magalasi ndi maso ako, ndipo ukabwera udzandiuze mtengo umene wamva tisanagwirizane chochita.