Kugonjetsa Popanda Mkondo

Mwana wanga wachisamba ndi amene anandiikira masewerowa pa laputopu yakale imene ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito. Dzina lake ndi Civilization IV, ndipo anatuluka m'chaka cha 2005, ngakhale kuti oyambirira enieni, amene anakonza Sid Meier, ndi a 1991. Mnyamatayo amati awa ndi masewero a madoda chifukwa safuna zala zaliwiro. Umasuntha zako, n'kudikira kuti anzako asunthe zawo, monga timachitira pa bawo kuno ku Bangwe. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa nkhomo umayendetsa mtundu wa anthu, kuyambira zaka 4000 Yesu asanabadwe mpaka chaka cha 2050. Umamanga mizinda, kulima, kuchita malonda ndi kukambirana ndi mafumu anzako. Munthu amene amakhala tsiku lonse muofesi ya boma kudikira kuti bwana asaine fayilo, akapatsidwa dziko lathunthu kuti alilamulire yekha usiku, tulo timamuthawa.

Njira zopambanira zilipo zingapo. Ukhoza kupha mitundu ina yonse, kulanda gawo lalikulu la dziko lapansi, kutumiza chombo mlengalenga, kapena kusankhidwa ndi anzako ku bungwe la United Nations. Mwana wangayo amakonda nkhondo. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo sindinafune kuti ana azindiona ndikuotcha mizinda ya eni ake, ngakhale ya pakompyuta. Choncho ndinasankha njira imene ndinkaiona ngati yoyera, yopambana ndi chikhalidwe.

Lamulo lake ndi losavuta kumva. Mizinda yako itatu iyenera kufika pa mapointi 50,000 a chikhalidwe, uliwonse paokha. Mapointiwo amachokera m'nyumba zopemphereramo, nyumba za mabuku, nyumba za zisudzo ndi zomangamanga zikuluzikulu monga Sistine Chapel, Broadway ndi Hollywood. Mumzinda mukabadwa mmisiri wotchuka wa zaluso, ukhoza kumulamula kuti apange ntchito imodzi yaikulu imene imabweretsa mapointi 4,000 nthawi imodzi. Ndinatenga ufumu wa Mali wa Mansa Musa, popeza ufumu wa Maravi mulibe, ndipo mizinda yanga itatu ndinaisintha maina n'kuitcha Bangwe, Ndirande ndi Chilomoni. Kuti mapointi achuluke ndinalowetsa m'mizindamo zipembedzo zonse zimene ndikanatha mwa zisanu ndi ziwiri za m'masewerowa. Mkulu wa mpingo uja anamanga mzikiti, kachisi wa Chihindu ndi wa Chibuda pa Ndirande yomweyo, osati chifukwa chokonda anansi koma chifukwa cha masamu. Izi ndikuulula pano, abusa asamve.

Zonse zinkayenda bwino mpaka usiku wina pamene ndinaona chimene chinkachitikira mzinda waung'ono wa Shaka, mfumu ya Azulu, umene unali pafupi ndi Chilomoni wanga. M'masewerowa chikhalidwe chikamakula malire ako amafutukuka okha ngati madzi osefukira. Minda ya mzinda uja inayamba kusintha mtundu n'kukhala yanga, umodzi umodzi. Kompyuta imaonetsa kuti mwa anthu 100 aliwonse mumzinda, angati ndi a mtundu uti. Chiwerengero cha Azulu chinkatsika, cha Amali chikukwera, chonsecho palibe amene anasamuka kapena kufa. Kenaka anthu anaukira mfumu yawo, ndipo ataukiranso kachiwiri mzindawo unadzipereka kwa ine. Ndinaomba m'manja ndekha pabalaza.

Mwana uja anasuzumira n'kunena kuti, “Adadi, ndiye mwawalandatu.”

“Sindinawalande,” ndinayankha. “Abwera okha.”

“Nanga minda yawo ija, anakupatsani okhanso?”

Anapita kukagona, ine n'kutsala ndi funso lake. Kodi kugonjetsa munthu popanda kukhetsa mwazi kumachotsa mlandu? Ngati mnzako wasiya zake n'kutsata zako mosakakamizidwa, wamulakwira chiyani? Ndinkafuna kuyankha kuti palibe, koma m'mutu mwanga munabwera agogo anga aakazi.

Agogowo anali Alomwe a ku Thyolo. Makolo awo anali mwa anthu ambirimbiri amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzagwa m'thangata ya m'maesiteti a azungu kuno. Anthu amene anawapeza ankawatchula dzina lachipongwe loti Anguru, ndipo zinatengera khama la Lewis Mataka Bandawe ndi bungwe la Alomwe limene linayamba mu 1943 kuti boma la atsamunda lisiye kuligwiritsa ntchito. Agogo ankayankhula Chilomwe ndi anzawo pamtondo, koma akationa ife adzukulu ankatembenuza lilime. Amayi amamva pang'ono koma sayankhula. Ine ndimadziwa kudya kalongonda basi. Ana anga sadziwa n'komwe kuti pali chimene sachidziwa.

Kalembera wa 1966 anapeza kuti anthu 14 mwa 100 aliwonse m'dziko muno ankayankhula Chilomwe pakhomo. Wa 1998 anapeza anthu osakwana atatu mwa 100 aliwonse. Komatu Alomwe sanathe. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti ndife mtundu wachiwiri kukula m'Malawi, pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse. Apa mukuona kuti ndi zomwe zija ndinaombera m'manja. Chiwerengero chinatsika popanda maliro. Palibe msilikali amene anafika pakhomo pa agogo kudzawaletsa chiyankhulo chawo. Anangoona kuti mwana woyankhula Chinyanja sasekedwa kusukulu, kumsika kwa Limbe kapena pofunsira banja. Tinganene kuti anabwera okha, koma ndiye kuti tikuiwala manyazi amene anawaperekeza panjira.

Ndisaname, boma nalo linaikapo dzanja. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party wa 1968 unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndipo chinabwererapo mu 1994. Kumeneko kunali kufuna kupambana ndi chikhalidwe mwadala, wailesi ndi sukulu zikugwira ntchito imene nyumba za zisudzo zimagwira m'masewero anga. Ndipo zinatheka ndithu. Umboni wake ndi ine amene, mdzukulu wa Mlomwe, ndikulemba nkhani ino m'Chichewa, ndipo ndimachikonda. Ndimalota m'Chichewa, ndinafunsira mkazi wanga m'Chichewa, ndipo wina atati andilande ndingamenyane naye. Apa ndi pamene pavutira nkhaniyi. Wogonjetsedwa ndi mfuti amadziwa tsiku limene anagonja ndipo amauza ana ake. Wogonjetsedwa ndi chikhalidwe amavina nawo pa chikondwerero cha womugonjetsa, ndipo kuvina kwakeko si kwachinyengo ayi.

Ndiye kodi tinene kuti kufalikira kulikonse kwa chikhalidwe ndi uchimo? Angoni amandiletsa kunena choncho. Iwo anabwera ndi zishango ndi nthungo kuchokera kumwera, ndipo mu 1884 ankhondo a Chikuse anaoloka Shire n'kusautsa anthu a kuno ku mapiri a Blantyre. Kunkhondo anapambana. Koma pitani ku Ntcheu lero kwa Inkosi ya Makosi Gomani mukamve chimene anthu akuyankhula pachitsime. Ndi Chichewa. Chingoni chinatsala m'nyimbo za ngoma, m'maina a mfunda ndi m'mawu owerengeka. Amene anachigonjetsa ndi amayi ogwidwa kunkhondo aja, amene ankatonthoza ana awo m'chiyankhulo cha kwawo. Amayi amenewo sindingawaimbe mlandu. Sankawerenga mapointi, ndipo sankadziwa n'komwe kuti pali mpikisano. Ankangolera ana.

Ndikayerekeza amayi aja ndi ine pa laputopu yanga, ndimaona kuti chotisiyanitsa ndi cholinga. Nyimbo yabwino imayenda yokha. Nyimbo yotsegulira masewero omwewa, “Baba Yetu”, ndi Pemphero la Ambuye m'Chiswahili, ndipo anaipeka Christopher Tin wa ku America, n'kupata nayo mphotho ya Grammy mu 2011. Palibe Mswahili amene anasauka chifukwa chakuti pemphero lake laimbidwa kutali. Koma ine sindinkamanga Sistine Chapel pa Chilomoni kuti anthu aone kukongola. Ndinkaimanga kuti malire a Shaka abwerere m'mbuyo. Mmisiri wa zaluso uja ndinkamusunga ngati chipolopolo, kudikira nthawi yoti ndimuombere. Chikhalidwe chikasanduka chida chotere, kutaya kwa mnzako kumakhala phindu lako, ndipo umakondwa mwana wake akaiwala dzina la agogo ake. Mtima umenewo sindikuona kuti umasiyana kwambiri ndi wa mwana wanga pamene akutumiza akasinja. Kungoti iye amavomereza kuti akumenya nkhondo.

Opanga masewerowa anadzasintha malamulo m'mitundu yotsatira. Mu Civilization VI ya 2016 umapambana ngati alendo odzaona dziko lako achuluka kuposa anthu a dziko lina lililonse amene amakhutira ndi kuona za kwawo. Kunena zoona ameneyu ndi muyeso wankhanza kuposa wa mizinda itatu uja, chifukwa ukunena poyera kuti kupambana kwako ndi pamene anthu ena anyansidwa ndi kwawo. Ndikayenda madzulo pamsika wa Ndirande n'kuona anyamata atadzaza m'nyumba zoonetsera mpira wa ku England, atavala malaya a Arsenal ndi Chelsea a pakaunjika, ndimadziwa mbali imene dziko lathu lili pa muyeso umenewo. Inenso ndili ndi timu yanga kumeneko, choncho sindiloza chala.

Ena amati yankho ndi kubwezera. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa wathu wa Chilomwe mu 2014, ndi nsima mu 2017. Mulhako wa Alhomwe umasonkhana kwa Chonde ku Mulanje, ndipo mitundu ina nayo ili ndi miyambo yake ya pachaka. Ndimakondwera nazo zimenezi, ndipo kwa Chonde ndinapitako. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene tiyamba kuwerengerana kuti kwa ife kunabwera anthu angati, nduna zingati, galimoto zingati. Pamenepo ndimazindikira masewero anga aja, ndipo ndimadziwa mmene amathera kwa mzinda waung'ono wokhala pafupi ndi waukulu. Alipo m'dziko muno a ziyankhulo zazing'ono kuposa chathu, monga Alambya ndi Asukwa a ku Chitipa, amene sangadzaze bwalo ngati lathu.

Masewero aja sindinawasiye, ndisakunamizeni. Mzinda wa Bangwe ndi umene unatsalira, ndipo ndinatha masabata awiri ndikuusamalira, magetsi akalola. Utafika pa 50,000 kompyuta inandiyamikira, ndipo ndinamva kukoma ndithu. Mzinda wa Azulu uja ndinausiya ndi dzina lake, sindinausinthe, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo sizinathandize aliyense.

Kutha kwa mwezi umenewo amayi anabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi dokotala wa maso. Madzulo tikudya ndinawafunsa kuti, “Amayi, kodi agogo ankawerenga bwanji m'Chilomwe?” Anaseka n'kufunsa ngati boma layamba kulipira odziwa zimenezo. Kenaka anaika mbamu pansi, n'kuyamba kupinda zala. Anafika pa zisanu n'kuima. Anabwerera poyamba, anafikanso pa zisanu, n'kukhala chete akuyang'ana dzanja linalo. Mwana wanga anatenga foni kuti afufuze pa intaneti, koma iwo anamuletsa.

“Ayi, dikira kaye,” anatero. “Abwera.”

Tinadikira mpaka nsima inazizira.