Jakisoni wa pamsana sabayidwa mongoganizira

Ana anga amene mumadutsa pa Songwe n'kukatsika basi pa Magufuli ku Mbezi Luis, m'boma la Ubungo, ndikudziwa mmene mabelo a ku Kariakoo akupwetekera misana yanu. Ena ululu wayamba kuchoka m'chiuno n'kutsika ndi mwendo mpaka kuchala, ndipo mwamva kuti kuli jakisoni wa pamsana wouziziritsa. Alipodi, koma tamverani kaye.

Kachicherewecherewe ka pakati pa mafupa a msana kakasuntha, kamapanikiza mtsempha wopita kumwendo, mtsemphawo n'kutupa. Mankhwala a steroid a mu jakisoniyu amaphwetsa kutupako, koma singano iyenera kufika pambali pa mtsempha osaugunda. N'chifukwa chake dokotala amakugonekani chafufumimba, kutsuka khungu ndi mankhwala opha majeremusi, kuchititsa dzanzi pamalopo, kenako kulowetsa singano pang'onopang'ono maso ali pa X-ray. Asanapope mankhwala, amayamba wathira timadzi tooneka pa chithunzicho kuti atsimikize kuti singano sinalowe mumtsempha wa magazi. Wina akafuna kukubayani kuseri kwa shopu ya mankhwala, akungopapasa ndi chala, valani malaya muzipita.

Muyambe mwadziwa chimene chikukudwalitsani. Kwathu kuno TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo steroid amafooketsa chitetezo cha thupi. Ngati mukutentha thupi usiku, mukuwonda, miyendo ikufooka kapena mkodzo ukungotuluka wokha, thamangirani ku chipatala cha Mloganzila kapena cha mafupa cha MOI ku Muhimbili akakuunikeni.

Musabise kanthu kwa dokotala, paja safunsa anadya phula. Muuzeni ngati muli ndi shuga, chifukwa amakwera kwa masiku angapo mukabayidwa. Muuzeni ngati mumamwa warfarin, popeza magazi akhoza kuchucha mkati n'kupanikiza mitsempha. Atsikana, ngati muli ndi pathupi nenani musanayandikire X-ray. Funsaninso kumene mankhwalawo achokera: ku America mu 2012, steroid woipitsidwa ndi nkhungu anadwalitsa anthu oposa 750, ndipo oposa 60 anamwalira.

Jakisoniyu amathandiza kwa milungu kapena miyezi ingapo basi, ndipo sabwerezedwa mwachisawawa. Ululu ukachepa, chitani mafizo amene akupatsani, gawani belo pawiri, ndipo lipirani wa ngolo akunyamulireni katundu. Ndalama ya ngoloyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya jakisoni wachiwiri.