Kodi Ntchito ya Allah Imafuna Chidindo cha Boma?

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, ndi mizikiti yochepa imene ilibe kagulu kothandiza ovutika. Ena amasonkhera ana amasiye, ena amayang'anira chakudya chomasulira m'mwezi wa Ramadan, ena amalandira ndalama zimene abale athu a ku Joni amatumiza kuti denga la madrasa likonzedwe. Kagulu kotere kakakula, limafika tsiku limene achinyamata amati tiyeni tikalembetse m'kaundula wa boma. Pamenepo sipalephera kupezeka mkulu wina, woopa Allah ndiponso wa mbiri yoyera, amene amafunsa kuti kodi sadaka inayamba liti kufuna chidindo. Kodi sitinaphunzire kuti chopereka chobisika n'chimene chili ndi malipiro aakulu? Nanga anthu okhulupirirana, opemphera mzere umodzi, angafunsanenso malisiti?

Funso la mkuluyu si lofunika kuliseka. Qur'an, mu Surat Al-Baqarah, imayamikira sadaka yoonekera koma imaika yobisika patsogolo, ndipo Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye) anaika munthu wobisa chopereka chake m'gulu la anthu asanu ndi awiri amene adzakhale pamthunzi tsiku lachiweruzo. Choopsa chimene mkuluyu akuchiona ndi riyaa, kuchita zabwino kuti anthu aone, matenda amene amadya ntchito yabwino ngati chiswe m'nsichi.

Koma tiyeni tifunse kuti chinsinsi chimenechi anapatsidwa ndani. Anapatsidwa wopereka. Msodzi amene wagulitsa usipa n'kupatula gawo lake la amasiye ali ndi ufulu woti dzina lake lisamveke. Koma munthu amene walandira ndalamayo m'malo mwa amasiye sakupereka kanthu. Wasenza amana, chinthu cha eni chosungitsa. Iye akabisa, sakubisa ubwino wake ayi, akubisa chuma cha ena. M'makomiti athu zinthu ziwirizi timazisakaniza, nthawi zambiri mosadziwa, ndipo chophimba chimene chinasokedwera wopereka chimathera pamapewa a msungichuma.

M'sura yomweyo muli ndime yotalika kuposa zonse m'Qur'an, ya 282, ndipo sikamba za swala kapena kusala. Imakamba zolemba ngongole, zopeza mlembi wachilungamo ndi mboni, ngakhale ngongoleyo ikhale yaing'ono. Oyamba kuimva anali maswahaba, anthu amene kukhulupirika kwawo ife sitingakufike. Ngati iwo anauzidwa kulemba, ndiye kuti kulemba si kunyoza munthu. Ndi kuvomereza kuti munthu amaiwala, amadwala, amamwalira, ndipo otsala amakangana. Timadziwanso nkhani ya Ibn al-Lutbiyya, amene anatumidwa kukatolera zakaat. Atabwerako anapatula zina n'kunena kuti zimenezo anachita kupatsidwa ngati mphatso. Mtumiki anamuwerengera zonse, kenako anadzudzula mchitidwewo pagulu, pofunsa ngati mphatsozo zikanamupeza akanangokhala kunyumba kwa makolo ake. Kuwerengera wosunga chuma cha anthu sitinakuphunzire kwa azungu a mabungwe. Kunalipo ku Madina.

Tsono lamulo la dziko lathu limafuna chiyani? Gulu lofuna kuzindikirika limayamba ndi kulemba malamulo ake oyendetsera ntchito: cholinga, mmene atsogoleri amasankhidwira ndi kuchotsedwera, amene amasayinira ndalama, ndi kumene katundu adzapite gululo likadzatha. Kenako limalembetsa ku ofesi ya Registrar General, ndipo magulu ambiri achipembedzo amadzera m'lamulo la matrasti la 1962, lotchedwa Trustees Incorporation Act, pamene ena amalembetsa ngati kampani yosagawana phindu. Lofuna kugwira ntchito ngati bungwe lomwe si laboma limalembetsanso ku NGORA, bungwe limene linalowa m'malo mwa NGO Board pamene lamulo la mabungwe linakonzedwanso mu 2022, ndipo chaka chilichonse limayenera kupereka lipoti la ntchito zake ndi la ndalama.

Pa zonsezi, chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ife Asilamu ndi chakuti bungwe lolembetsedwa limatha kukhala ndi malo ndi akaunti ya ku banki m'dzina lake, osati m'dzina la munthu. Ndani mwa ife sanamvepo za malo a madrasa amene anaperekedwa pakamwa ndi gogo wina wamtima wabwino, ndiye gogoyo atamwalira a mbumba n'kubwera kudzati dothi ili ndi la kwathu? Kapena za ndalama za chitsime zimene zinkalowa mu foni ya munthu mmodzi, mwinifoniyo n'kusamuka? Sikuti onsewa ndi akuba. Ambiri amangopeza kuti palibe cholembedwa, ndipo pamene palibe cholembedwa njala imalankhula mokweza kuposa chikumbumtima. Sayyiduna Umar atapeza munda wake wamtengo wapatali ku Khaybar, Mtumiki anamulangiza kusunga mundawo n'kupereka zipatso zake. Unakhala waqf, wosagulitsidwa, wosapatsidwa munthu, wosagawidwa ngati chuma cha masiye. Koma Umar sanasiyire pomwepo: analembetsa chikalata pamaso pa mboni, natchula mwana wake Hafsa kuti adzauyang'anire. Chiphaso cha boma, ngakhale chinalembedwa ndi anthu osaganizira za waqf, chimatipatsa mpanda wotchingira chimene Shariah inachikhazikitsa kale.

Komabe tisafulumire kumutsutsa mkulu uja pa zonse, chifukwa pepala nalo lili ndi mayesero ake. Alipo amene amayamba ndi chiphaso asanayambe ntchito. Amasankha dzina lokoma la Chiarabu, amaika mkazi wawo, mlamu wawo ndi mphwawo kukhala matrasti, n'kuponya chiphasocho ngati khoka m'nyanja ya opereka thandizo. Pamaso pa lamulo mapepala awo akhoza kukhala athunthu, koma niya yawo boma silingaiwerenge. Bungwe limene onse osayinira ndalama amadya m'mbale imodzi lalemba ngongole popanda mboni.

Palinso yesero lina limene limatipweteka mtima kwambiri ife aphunzitsi, pakuti ana ake timawadziwa mayina. Opereka thandizo amafuna umboni, ndipo umboni wosavuta ndi chithunzi. Mwana wamasiye amaimitsidwa padzuwa atanyamula thumba la ufa, mayi wamasiye amauzidwa kuti amwetulire, ndipo madzulo ake nkhope zawo zili pa Facebook ndi pa WhatsApp, anzawo a kusukulu akuziona. Apa ndi pamene chenjezo la Qur'an loti tisaononge sadaka ndi kukumbutsa kapena kunyazitsa wolandira limatigwera mwachindunji. Buku la ndalama litseguke kwa aliyense. Nkhope ya wosauka si buku la ndalama. Lipoti likhoza kunena matumba angati anagulidwa, pamtengo wanji, anagawidwa m'midzi iti, ndipo mndandanda wa mayina n'kusungidwa ndi komiti kuti owerengera ndalama auone, popanda kusandutsa umphawi wa munthu kukhala chikwangwani.

Sitikunenanso kuti kagulu kalikonse kathamangire ku ofesi. Kulembetsa kumafuna ndalama, maulendo ndi munthu wodziwa kulemba malipoti chaka ndi chaka. Amayi khumi amene amasonkherana kuti aphike pamaliro kapena kugula sanda ya wosauka angathere ndalama ya sanda m'mapepala. Iwowa kope la sukulu, mlembi, msungichuma wosiyana ndi mlembiyo, ndi kuwerenga poyera kamodzi pamwezi n'zokwanira. Koma gulu likayamba kulandira ndalama za anthu amene sadzafika kudzaona ntchitoyo, likapatsidwa malo, kapena likalemba antchito olipidwa, lafika pamene kukhulupirirana kwa pakhonde sikungasenze kulemera kwake.

Chovuta chenicheni chimatsala ngakhale chiphaso chitapachikidwa pakhoma. M'chikhalidwe chathu wamng'ono safunsa wamkulu kuti ndalama ija inapita kuti, ndipo wophunzira sangapemphe lisiti kwa ashehe amene anamuphunzitsa Al-Fatiha. Malamulo a bungwe akhoza kupatsa mlembi wa zaka 25 mphamvu yofunsa, koma lilime lake lidzalemera. N'chifukwa chake ife amene anthu amatiimirira tikamalowa, mashehe, maimamu ndi aphunzitsi a madrasa, tiyenera kutulutsa malisiti tisanafunsidwe, kukana kusayina tokha, ndi kupempha kuti bokosi la Lachisanu litsegulidwe pali anthu atatu. Zikayamba choncho, msungichuma wodzabwera pambuyo pathu sadzamva ngati akutukwanidwa akadzapemphedwa kuwerenga buku lake pambuyo pa swala ya Jumu'ah.