Mphatso Siilowa M'malo mwa Malipiro

Munthu akadya m'nyumba yodyera nalipira mtengo wa chakudya, kodi ayenera kusiyiranso woperekera kandalama kothokoza? Ena ati iyayi, pakuti ntchito ya woperekerayo idawerengedwa kale mu mtengowo, ndipo womlipira ndiye bwana wake. Ena ati inde, popeza ambiri a antchito otere alandira zochepa.

Mlanduwu utha pakusiyanitsa chilungamo ndi chifundo. Malipiro ndiwo ngongole ya bwana. Mphatso ichokera mu ufulu wa mtima. Papa Leo XIII adaphunzitsa m'chaka cha 1891 kuti wantchito ayenera kulandira malipiro okwana kudzisunga nawo. Koma ku United States, chiyambire 1991, lamulo la dziko lonse lilola bwana kulipira woperekera madola 2.13 okha pa ola, malinga mphatso za odya zikwaniritse chotsalacho. Potero chakudya cha ana a wantchito chitsamira pa mtima wa mlendo, umene suli umodzi masiku onse.

Tsono wodya amene ali nazo apatse mokondwa, chifukwa kuumira kwake kulanga wosauka, bwana osamva kanthu. Ndipo bwana asayese kuti chifundo cha alendo chamchotsera ngongole yake.