Kodi mtima wothandiza ungakakamizidwe?

Nkhani ya maphunziro a ku yunivesite ikabuka, pamakhala funso lina limene anthu sagwirizanapo: kodi wophunzira azikakamizidwa kukagwira ntchito yothandiza anthu kumudzi asanalandire digiri? Ena amati inde, poti misonkho yoyendetsera sukuluzi imachokeranso kwa alimi a fodya ndi amayi ogulitsa tomato, omwe ana awo ambiri sadzapondako ku koleji. Ena amati ayi, chifundo chokakamiza si chifundo.

Ife Amalawi tili ndi chifukwa choopera ntchito yaulere. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana basi, koma m'maesiteti a atsamunda anasanduka goli, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. M'nthawi ya chipani chimodzi kunali Youth Week, sabata imene ana a sukulu ankalambula misewu ndi kukonza milatho. Ntchito inkaoneka ndithu, koma kukana kunali kudziputira tsoka.

Anzathu a ku Tanzania nawo anakumana nalo funsoli. Mu Okutobala 1966 ophunzira a pa University College ku Dar es Salaam anachita zionetsero pokana lamulo loti omaliza maphunziro azitumikira dziko zaka ziwiri pa malipiro ochepa. Julius Nyerere anapsa mtima, nathamangitsa ophunzira pafupifupi 400, nadulanso malipiro ake omwe. Kwa iye, wophunzira ali ndi ngongole kwa osauka amene anamulipirira. Ngongoleyo ndikuivomereza. Chimene ndimakayika n'choti munthu woilipira chikwapu chili pamsana angakonde amene akuwatumikirawo.

Maganizo anga ndi awa: mtima sungakakamizidwe, koma kuphunzira kungakakamizidwe. Ndani amadandaula kuti mayeso ngokakamiza? Sukulu ya udokotala ya College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, inayamba kutumiza ophunzira ku Mangochi kukaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi. Mnyamata amene wayenda wapansi mtunda wochoka kumudzi kukafika kuchipatala, naona ana akusamba m'madzi omwe muli likodzo poti kulibe kwina kosamba, akadzakhala dokotala adzayamba waganiza asanakalipire mayi kuti, “Mwachedweranji kubwera naye mwanayu?” Kaya mtima wake ngwabwino kaya ngwouma, koma akudziwa chimene mnzake wongokhala m'kalasi sadziwa. Momwemonso m'zaka za m'ma 1980 ophunzira a ku Chancellor College ankapita ndi zisudzo za umoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, ndipo anthu a m'mudzi ankalowerera m'seweromo, kutsutsa ndi kuwongolera. Apa mphunzitsi anali ndani, eti?

Komabe pali mbali ina imene sitiilankhula kawirikawiri. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamatema munthu kakakhala m'manja mwa wophunzira kumeta. Wophunzira amabwera ndi mapepala a mafunso, agogo n'kusiya khasu kuti amuyankhe. Iye amakapeza malikisi, kenako ntchito ya pa ofesi. Agogo aja amatsala ndi chitsime chomwe chija chophwa, kudikira gulu lina chaka chamawa ndi mafunso omwewo. Pamenepo wagwira thangata ndi mudzi, wopindula ndi mwana wa sukulu.

N'chifukwa chake ndikuti lamulo lotere likhalepo, koma limange mbali zonse ziwiri. Ntchito igwirizane ndi zimene wophunzira akuphunzira: wa zamalamulo athandize amasiye olandidwa chuma, wa zaulimi alowe m'munda. Eni mudzi asankhe okha chimene akufuna, akhalenso ndi ufulu wokana. Zimene zapezeka zibwerere kwa iwo pabwalo, m'chilankhulo chawo. Ndipo popereka malikisi, mawu a amfumu ndi amayi a pachitsime amveke limodzi ndi a aphunzitsi. Yunivesite imene sifuna kumangidwa chonchi isavutitse anthu, ophunzira ake akhale konko m'kalasi.