Kukagona m'phiri la eni: mfundo zofunika kwa achinyamata a ku Chimwemwe

Ku Chimwemwe kulibe phiri. Dziko lathu la migodi ndi lathyathyathya, ndipo zotumphuka zimene mwana wa ku Kitwe amakula akuziona ndi zulu za chiswe komanso milu ya zotsalira za mkuwa. Mulu wa ku Wusakile mpaka tinaupatsa dzina loti Black Mountain. Wofuna phiri lenileni, lokhala ndi mabwinja akale, ayenera kulowera kum'mawa: Lusaka, Chipata, chipata cha Mwami, Lilongwe, Blantyre, mpaka ku Phalombe m'dziko la Malawi, kumene agogo a ambiri a ife anachokera pobwera kudzagwira ntchito m'migodi. Kumeneko, pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pali mabwinja a Fort Lister, ndipo pomwepo pakuyambira njira ya miyendo yokwera ku kanyumba ka Sombani. Kwa inu amene mtima ukulakalaka ulendo wotere, nazi mfundo zoti muzisinkhesinkhe musanamange katundu.

1. Si phiri lililonse lomwe ndi lokumba. Ife a kumigodi tinazolowera kuyang'ana mtunda n'kufunsa kuti m'katimo muli chiyani chogulitsa. Sindikunyoza majerabo, anyamata okumba pa milu ija, poti njala ndi imene imawatuma, koma tonse tikukumbukira mwezi wa June 2018 pamene mbali ya Black Mountain inagumuka n'kukwirira anthu osachepera 10. Maso omwewo ndi amene avulaza Mulanje. Mkungudza wa m'phirimo, womwe sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha ocheka matabwa, ndipo nkhani yokumba miyala ya bauxite ku Lichenya, m'phiri lomwelo, imangozima n'kuyakanso. Boma la atsamunda linateteza nkhalangoyi mu 1927, koma pepala lokha siliimitsa sowo. Mukakwera, phunzirani kuona chinthu chokongola osachiwerengera mtengo wake. Ngakhale kamwala ka pa khoma la linga musakaike m'thumba.

2. Katundu amene mwasankha, mudzamusenza nokha. Basi imathera pansi. Kuchokera pampatapo kukafika ku Sombani ndi maola angapo a chitunda chokhachokha, ndipo wailesi yaikulu ija ndi nsapato za ku ukwati zimayamba kukulankhulani pa phewa. Ufa, kapenta, mchere, mpoto umodzi, bulangete lochindikala ndi jekete la mvula n'zokwanira.

3. Mabwinja si pojambulira zithunzi chabe. Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo. Linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893, nthawi ya Harry Johnston, pofuna kutseka njira imene amalonda a akapolo ankadzera. Mpatawu unali khomo lotulukira ku Mozambique, ndipo anthu ogwidwa m'midzi ankadutsitsidwa pamenepa ali m'magoli, kulowera ku gombe la Quelimane. Mafumu ena a m'deralo, monga Matipwiri ndi Mkanda, ankapeza phindu pa malonda amenewa. Kumbali ina ya phirili azungu anamanganso Fort Anderson, kuti njira zonse ziwiri zitsekeke. Lero pa Fort Lister patsala maziko ndi zidutswa za makoma, udzu utamera pakati pake, komanso manda a Gilbert Stevenson, mzungu amene anamwalira mu 1896. Dzina lake lidakalipo. Koma mayi amene anadutsa pampatapo mwana ali kumsana, osadzaonanso kwawo, palibe analemba dzina lake paliponse.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Ku Ndola, pa Makoli Avenue, pali malo a mtengo uja wa akapolo, pomwe amalonda a Chiswahili ankasonkhanira, ndipo ambiri timadutsapo tili pa foni. Ndiye mukafika pa lingalo, khalani pansi kaye, nyimbo muzimitse. Komanso musathamangire kuombera m'manja omanga linga. N'zoona kuti anathetsa malonda oipa, koma mfuti zomwezo ndi zimene zinakhazikitsa msonkho wa nyumba ndi thangata, zomwe pambuyo pake zinathamangitsira agogo athu ku Nkana ndi ku Wankie. Mbiri ya munthu, ngakhale ya boma, kawirikawiri imakhala ndi zoyera ndi zakuda m'mbale imodzi, ndipo wanzeru amazinena zonse ziwiri.

4. Wa kumudzi amene akukutsogolerani ndi mphunzitsi wanu, ngakhale sanafike Giredi 12. Ife a m'tauni tili ndi matenda odziyesa odziwa zonse. Pa Mulanje pali chiperoni, nkhungu yozizira yochokera ku Mozambique, imene imatha kutseka phiri mwadzidzidzi moti mnzako ali patsogolo pang'ono osamuona. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil amene anapitirira yekha, atasiya womutsogolera, anapezeka atafa patapita masabata. Safunsa anadya phula. Wotsogolera akati, “Achimwene, lero tisapitirire, kumwambaku sikuli bwino,” yankho lake ndi lakuti, “Chabwino bambo, tamva.” Akakuuzani za mizimu ya m'phiri ndi malo amene makolo ankathirako nsembe, simukukakamizidwa kukhulupirira, koma kuseka n'kupanda mwambo. Ndipo malipiro ake mugwirizane musananyamuke, mum'patse onse osam'nyenyerera. Munthu wasenza chikwama chanu pachitunda, inu n'kumakangana naye pa ndalama yosakwana mtengo wa bando ya pa foni!

5. Moto ndi madzi zili ndi eni ake kumunsi. Mitsinje ya Sombani, Phalombe, Thuchila, Likhubula ndi Ruo imayambira m'phirimu, choncho sopo amene mwatsukira mbale pa kasupe amakathera mu ndowa ya mayi wina. Tenti imangidwe pambali pa kanyumba, pomwe mlonda wakulozerani, osati paliponse pamene pakusangalatsani. Chikuni chimodzi chosazimitsidwa m'mwezi wa October chingathe kupsereza dera lonse, ndipo phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Anthu a ku Phalombe akudziwa bwino: napolo wa mu March 1991 anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yaikulu n'kukokolola midzi, ndipo namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo mu March 2023. Mukamacheza ndi anthu a kumeneko, dziwani kuti ena mwa iwo anataya abale awo pa ngozi zimenezi.

6. Gulu limayenda ndi liwiro la wofooka. Wamphamvu akathamangira kutsogolo kuti akayambe ndiye kufika, wasiya udindo wake m'njira.

7. Usiku wa m'phiri umam'bweza munthu pa msinkhu wake weniweni. Ku Chimwemwe tinazolowera phokoso: mabasi oitanira ku tauni, nyimbo za m'mabala, mapemphero a usiku wonse. Ku Sombani dzuwa likalowa kuseri kwa nsonga ya Namasile, kumazizira mpaka mano kugundana, magetsi kulibe, ndipo foni nthawi zambiri imangokhala tochi. Ena zimawasowetsa mtendere, amayamba kulongolola zopanda pake kuti asamve maganizo awo. Musaope. Phikani nsima yanu, muitane mlonda adye nanu, mum'funse za nkhuni zimene wakutolerani ndi mtunda umene amatsika kuti akaone ana ake. M'mawa sesani m'kanyumbamo, mapepala, mabotolo ndi zitini zonse mutsike nazo.

Ndipo inu atsogoleri a magulu a achinyamata m'mipingo ya ku Chimwemwe, ndalama ya ulendo wa ku Phalombe ikavuta, musangokhala. Kwerani nawo basi ya ku Ndola Loweruka likudzali, mukawaonetse Makoli Avenue, muwafotokozere zimene zinkachitika pansi pa mtengo uja.