Kodi Tingagwade pa Guwa Limodzi Pamene Tikusiyana Maganizo?

Amayi anzathu mwa Ambuye, funso ili si la ansembe okha ayi.

Mu Novembala 2023 sinodi ya Chigawo cha Central Africa inavomereza kuti dayosizi yomwe yafuna ikhoza kudzoza amayi kukhala ansembe, koma yomwe sinakonzeke isakakamizidwe. Mu Okutobala 2025 Sarah Mullally, yemwe kale anali mkulu wa anamwino m'dziko la England, anasankhidwa kukhala Akibishopu wa Canterbury, mayi woyamba pa mpandowo. Pasanathe mwezi, atsogoleri a GAFCON analengeza kuti saonanso Canterbury ngati nsanamira ya umodzi wathu, makamaka pa nkhani yodalitsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Zonsezi zafika kuno ku Phalombe pa wayilesi ndi pa foni. Pakati pathu alipo amene anaimba nthungululu, alipo amene anagwira pakamwa. Onsewo avala yunifolomu imodzi.

Tisaganize kuti mikangano yotere ndi ya kutsidya kwa nyanja. Mu 2005, Ambuye Peter Nyanja atamwalira, Dayosizi ya Lake Malawi inasankha Nicholas Henderson, wansembe wa ku London, kukhala bishopu. Mabishopu a Chigawo, motsogozedwa ndi Akibishopu Bernard Malango, anakana kumutsimikiza, ponena kuti bungwe lomwe anatumikirapo ku England linali ndi chiphunzitso chokayikitsa. Akhristu ambiri anakwiya, ndipo ena anakana kulandira Ambuye Leonard Mwenda a ku Zambia omwe anatumizidwa kudzagwirizira. Panapita zaka zisanu Ambuye Francis Kaulanda asanakhale pa mpando mu 2010. Zaka zisanu! Mwana wobatizidwa mkanganowo ukuyamba anatsala pang'ono kuyamba sukulu.

Ife amene tinagwirapo ntchito m'mawodi tinaphunzira zinthu ziwiri pa chilonda. Choyamba, chilonda cha mafinya sichipola pochiphimba ndi bandeji yoyera. Chimafunika kutsegula, kutsuka, ngakhale wodwala alire. Umodzi wongokhala chete, woti tisamakambe zimenezi tingayambane, ndi bandeji yotero. Pansi pake miseche imawunjikana, kenako mumangomva kuti banja lakuti lapita ku mpingo wina.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene mtima wathu uli, kudula mwendo ndi chithandizo chomaliza. Dokotala wanzeru amayesa zonse kaye, chifukwa mwendo ukadulidwa subwerera. Kukana kulandira Mgonero pamodzi ndi mnzako ndiko kudula kumeneko. Sitikunena kuti chiphunzitso chilichonse n'chabwino; zilipo zoti zikalowa, thupi lonse limavunda. Wina akakana kuti Yesu anauka kwa akufa, pamenepo tasiyanadi njira. Koma kodi mayi amene akukhulupirira kuti unsembe ndi wa abambo okha, ndi mnzake amene akupemphera kuti mdzukulu wake wamkazi adzavale kolala, afika pamenepo? Ife tikuti ayi. Onse awiri amanena Chikhulupiriro cha Nikea Lamulungu lililonse, mawu omwewo, pa benchi yomweyo. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba kuno mu Malichi 2023, anaphikira limodzi anamfedwa. Wina adzati kuphika phala si chiphunzitso. N'zoona, koma werengani 1 Akorinto 12 muone ngati Paulo anasiyanitsa ziwirizi.

Chotidandaulitsa n'chakuti zigamulo zimamangidwa kutali, ife timangomva zatha, pomwe ndife amene timadzaza matchalitchi ndi kusesa pa guwa. Munthu wosaphunzitsidwa amangotsata amene wafuula kwambiri.

Choncho tikupempha nthambi iliyonse ya Mothers' Union kuti pa msonkhano ukubwerawu muitane abambo mfumu, Baibulo lili m'manja, akufotokozereni chomwe sinodi ya 2023 inagwirizana ndi pamene dayosizi yathu yaima. Mupatse mpata mbali zonse ziwiri, ndipo amayi achikulire asalankhule okha. Atsikana okwatiwa kumene nawonso afunsidwe. Alembi atumize zomwe mwakambirana kwa wapampando wa parishi.